Tiriga Yaulere Yandiphera Nambewe

Ndinapita ndi mfuti kukatsukitsa. Kutsuka basi, kuchotsa mchenga ndi kuthira mafuta. Anandibwezera mfuti ina, osandiuza, ndipo lero Nambewe ali pansi pa mchenga. Abale anga a pa gulu lino, Amalawi ndi a ku Zambia omwe, ndiloleni ndikhuthule zimene zili kumtima, chifukwa ndikapitiriza kuzisunga ndidwala nazo. Sitoloyo sindiitchula dzina. Ili ku Muraqqabat, dera lina la mumzinda uno wa Aarabu, imagulitsa zida za alenje, ndipo eni ake akudzidziwa.

Kwa amene simundidziwa, ndine Mwale, uja sindioneka ku mapemphero a Lachisanu ku Karama chifukwa ndimakhala kutali kuchipululu. Kumudzi ndinali wa gemu m'nkhalango ya Kasungu mpaka ndevu zinayamba imvi. Kuno ndimasamalira nyama pa famu ya bwana wina, kunja kwa mzinda. Nyama zake ndi nswala za kuno ndi maha. Maha ndi ngati mphalapala yathu ija, koma yoyera mbee, nkhope ya mawanga akuda, nyanga zowongoka. Ntchito yanga ndi kuzidyetsa, kuzimwetsa, ndipo ina ikavulala mosachiritsika, kuipumitsa ndi chipolopolo chimodzi. Mfuti ndi ya bwana, mapepala ake ndi a bwana, koma chala ndi changa.

Nambewe anali maha, inde. Ndikudziwa ena museka kuti bambo wamkulu akulira nyama. Sekani, sindikwiya. Mayi ake anafa akumubereka, nthawi yotentha, ndipo ine ndinamutola ali wonyowa. Ndinamulera ndi botolo la mkaka ngati khanda. Ankagona pakhomo pa kachipinda kanga. Dzinalo ndinamupatsa chifukwa cha kapukusidwe kake ka mutu akakana chinthu, ndendende azakhali anga a ku Santhe. Atakula anapita kukakhala ndi anzake, koma akangondiona ankabwera kudzalowetsa mphuno m'thumba la shati kufuna zipatso za kanjedza. Ana anga ndikawaimbira foni amayamba afunsa za Nambewe asanafunse za ine. Munthu ukakhala kutali ndi ana ako, mtima umafuna kena kake koti uzikadyetsa.

Chaka chino mukuchidziwa nonse. Makireni aima chilili m'mwamba, nyumba zatsala mafupa okhaokha, magalimoto akuchita fumbi ku bwalo la ndege eni ake atathawa. Bwana wathu naye anakwera ndege kuti akukakambirana ndi mabanki, mpaka lero foni yake ndi yozima. Pa famu tinalipo gulu. Tatsala atatu: ine, Zulu dalaivala wathu wa ku Chipata, ndi a Thomasi a ku Kerala amene amagwira makiyi a ofesi.

Tsono ndifotokoze za mfutiyo, kuti mumvetse chimene anandichita. Ndi ya boliti, zija umakoka chitsulo m'mbuyo n'kuchikankha, kulowetsa chipolopolo chimodzi. Tiriga yake, kachitsulo kaja chala chimakoka kuti mfuti ilire, inali ya ku fakitale, yobadwa nayo. Inali yolimba, sindikana. Koma inali ndi khalidwe. Ukaikoka inkayamba yabwera mofewa, kenako n'kufika pamene inkaima, ngati chitseko chagunda mwala. Pamenepo ukanatha kudikira mpaka mawa, siikanalira. Ukafuna, unkawonjezera mphamvu n'kukhethemula. Mfuti zimene tinkagwira ku Kasungu zinali zotero, ndipo tonse tinaphunzira kuwombera choncho: loza, koka kufewa kuja, ima pamene yaima, dikira nyama yako ipatuke pa zinzake, kenako womba. Chala changa chinakulira pamenepo, ndipo chimachita chokha ine ndisanaganize.

Itadutsa nyengo ya mphepo za mchenga, boliti inayamba kukhwekhwereza. Ine ndi Zulu tinaitsekera m'bokosi lake, tinatenga mapepala, ulendo wa ku Muraqqabat. Kumeneko kunali mkulu wina wa ku Pakistan amene tonse tinkamutcha Ustadi, katswiri wa mfuti, ndipo ndiye ankaitsuka chaka ndi chaka. Nditafunsa anandiuza kuti Ustadi ali pa tchuthi, abwera mawa. Anandiuza zimenezi ndi bambo wina wa tayi yofiira, tsitsi lonyezimira mafuta, perefyumu wokwana basi yonse. Dzina lake sindilifuna pakamwa panga. Ndizimutcha Watayi.

M'sitolo munalibe kasitomala ndi mmodzi yemwe, choncho Watayi anandigwera ngati ndine mvula yoyamba. Anakoletsa kasikelo pa tiriga yanga, anakoka, n'kupukusa mutu mwachisoni. Akuti ikupitirira makilo awiri. Akuti imeneyi si tiriga, ndi chogwirira cha ngolo. Kenako anatulutsa kathabwa pamene anamangapo matiriga awiri atsopano, ina yagolide, ina yakuda, kuti ndiyese. Yagolide akuti ndi ya ku America, umaisintha wekha kulimba kwake. Yakuda akuti ndi ya ku Ulaya, siifika ngakhale theka la kilo, ilibe kufewa koyamba kuja, umangoiganizira iyo yalira kale. Akuti alenje onse ozindikira amachotsa za ku fakitale tsiku lomwe agula mfuti.

Ndinayesa zonse ziwiri pa kathabwapo. Sindinama, zinali zokoma. Kwa munthu wowombera pepala, atakhala pampando, mfuti itagona pa tebulo, yakuda ija ndi yabwino zedi. Koma ine sindiwombera pepala. Ndimawombera nyama imodzi pakati pa zinzake, dzanja lili thukuta, mtima ukugunda. Ndinamufotokozera zimenezi bwinobwino. Ndinakana m'Chingerezi, ndinakana m'Chiarabu, ndinakana ngakhale m'Chihindi chimene ndinatola kwa a Thomasi. Zulu anali pomwepo, mukhoza kumufunsa. Watayi anaika dzanja pachifuwa.

"Khalas, habibi, yatha nkhani, m'bale wanga. Kutsuka kokha."

Ndinakhulupirira. Munthu waika dzanja pamtima, ine ndikanatani?

Sabata yotsatira tinakaitenga. Mfuti ili waliwali, boliti ikuyenda ngati yatsopano. Ustadi sanaoneke, akuti wangotuluka kumene. Ndinaitembenuza, kuyang'ana uku ndi uku. Tiriga yakuda ngati kale, poti ya ku fakitale ija nayo inali yakuda. Ndinafunsa ngati pali chilichonse chimene apeza kapena asintha. Watayi anati zonse zili bwino, ndipite ndi mtendere. Anandiperekeza mpaka pakhomo, anandipatsanso kalendala ya sitolo.

Ndikudziwa funso lanu. Bwanji sunaiyese? Ndiyankha, chifukwa iwonso anabisala kumbuyo kwa funso lomweli. Ku Kasungu, kukoka tiriga ya mfuti yopanda chipolopolo unali mlandu. Sajeni wathu ankati ukathyola kamsomali komenya chipolopolo, kena kadzabwera dzinja litadutsa kawiri, ndipo nthawi yonseyo uzikakumana ndi njati uli ndi ndodo. Ukagwidwa ukuseweretsa tiriga unkathamanga ndi mfuti pamutu mpaka dzuwa kupendeka. Mpaka lero chala changa sichikoka tiriga ya mfuti yopanda kanthu. Nanga kuyesa ndi chipolopolo? Zipolopolo zatsala zochepa, zatsopano sizigulika popanda bwana, ndipo a Thomasi amazitsekera ngati shuga wa m'nyumba ya ana ambiri. Komanso mfuti yongotsukidwa umaiyeseranji? Galimoto ukaitsukitsa, umakafunsa ngati asintha mabuleki?

Sipanapite nthawi, nkhunzi ina yokalamba ya maha inathyoka mwendo wakutsogolo pomenyana ndi inzake. Fupa linatulukira panja. Nkhunzi yotere suingaiyandikire, nyanga zake zimaboola chitseko cha galimoto. Ntchito inali yanga. M'mawa dzuwa lisanapse tinapita ndi pikapu, ine ndi Zulu. Tinaipeza itaima pansi pa mtengo, gulu lonse lili chapafupi. Ndinatsamiritsa mfuti pa boneti, ndinalowetsa chipolopolo, ndinaloza paphewa pa nkhunziyo. Maha zina zinkadutsa pakati, ndiye ndinangodekha kuti zipite. Nambewe anandiona. Anasiya anzake n'kuyamba kubwera, akudutsa kutsogolo kwa nkhunzi ija, mutu uli m'mwamba. Ndinamuona bwinobwino m'galasi la mfuti. Ndinati adutse kaye mwana ameneyu. Chala changa chinapita pa tiriga kukatenga kufewa kuja, monga chakhala chikuchitira moyo wanga wonse.

Panalibe kufewa. Mfuti inalira.

Sindinakoke, abale anga. Ndinangokhudza. Nambewe anagwa chambuyo, anadzuka, anagwanso. Gulu lonse linabalalika, fumbi lili kobo. Ine ndinangoti kakasi, mfuti ili m'manja, osamvetsa kuti walira ndani. Zulu ndiye anayamba kulankhula.

"Mudala, si imwe. Ni mfuti iyi. Naona chala chanu, simunadonse."

Nkhunzi ija inali ikadali pomwepo ndi mwendo wake wolendewera, ndipo sindikanaisiya ikuzunzika. Ndinalowetsa chipolopolo china, chala chili kutali, ndinalozanso paphewa pake. Nditangokhudza, inaliranso. Nkhunzi inagwa pomwepo. Apo m'pamene ndinadziwa kuti mfuti imeneyi si yanga ija. Ndinathamangira kwa Nambewe. Chipolopolo chinalowa pamwamba pa ntchafu n'kutulukira mbali ina. Anali moyo, akuyesa kudzuka kuti abwere kwa ine.

Tinamunyamula pa lona mpaka kukhola la mthunzi. Dokotala wathu wa ziweto, mayi Amal a ku Sudan, anabwera m'mawa womwewo ngakhale famu yakhala isakuwalipira. Mulungu awadalitse mayi amenewa. Anatsuka bala, anamubaya jekeseni wa ululu, kenako anandiuza zoona zokhazokha. Fupa la m'chiuno lasweka. Nyama yakutchire ikanafunika kuipumitsa, koma Nambewe ndi wozolowera anthu, akhoza kupirira opaleshoni ndi kugona pamodzi nthawi yaitali. Chipatala chachikulu cha mahatchi ndi ngamila chikhoza kulumikiza fupalo ndi zitsulo. Koma ziyenera kuchitika m'masiku ochepa bala lisanaole, ndipo chipatalacho masiku ano sichilandira nyama popanda kulipiriratu, chifukwa anthu ambiri athawa n'kusiya mahatchi awo komweko.

Ndinapita kwa a Thomasi. Anatambasula manja. Akaunti ya famu mabanki anaitseka, bwana sakupezeka, ifenso malipiro athu tikungowamva m'maloto. Anati amene anawononga mfuti ndiye alipire. Zinali zomveka. Mwana wanga anali ndi mwayi wokhala ndi moyo, ndipo mwayiwo unali m'manja mwa sitolo ya ku Muraqqabat.

Masana omwewo ine ndi Zulu tinali pa kauntala. Watayi anatilandira ndi mano onse panja, kufunsa ngati mfuti ikuyenda bwino. Ndinamufotokozera modekha, magazi a Nambewe akadali pa buluku langa. Poyamba anakana. Akuti mwina ndi mafuta afewetsa tiriga. Mafuta? Mafuta amachotsa makilo awiri? Zulu anangoloza kathabwa kaja pa shelefu. Yagolide inalipo. Pamene panali yakuda panatsala mabowo a zomangira.

Apo nkhani inasintha. Akuti pomasula tiriga yanga yakale, kasipuling'i kena kanadumpha n'kulowa pansi pa mashelefu, ndipo kanasowa. Ndiye iye, chifukwa cha mtima wake wabwino, anandiikira yakuda ija. Mwaulere. Akuti anthu amalipira zambiri kuti apeze tiriga imeneyi, ine ndapata mphatso ndipo m'malo mothokoza ndabwera ndi nkhope yamaliro. Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze. Akuti ankafuna ndidzadabwe ndekha. Ndinadabwadi, bambo. Mwakwanitsa.

Ndinafunsa kuti Ustadi analola bwanji zoterezi. Watayi anayamba kukonza tayi yake. Yankho tinalipeza panja, kwa mkulu wogulitsa tiyi pafupi ndi sitoloyo. Ustadi anachotsedwa ntchito mavuto atangoyamba, ali kwawo kalekale. Chikwangwani cholonjeza katswiri wa mfuti chikadali pa windo, koma amene amamasula mfuti za anthu ndi Watayi yemweyo, akuonera pa kompyuta. Munthu wolembedwa kuti azigulitsa zipewa ndi matochi ndiye anatsegula mfuti yanga.

Tinabwereranso mkati. Ndinanena chimene ndinkafuna, ndipo sichinali chachikulu kwa sitolo yodzaza magalasi a mfuti odula kuposa nyumba yanga ya kumudzi. Sindinafune chipepeso cha ine. Ndinati aimbire chipatala, avomere kulipira opaleshoni, basi. Watayi anati zimenezo ndi za manijala, ndipo manijala ali ku Abu Dhabi. Kenako anandiphunzitsa ntchito yanga. Akuti mlenje weniweni saika chala pa tiriga nyama ina ili kutsogolo. Akuti aliyense amayesa tiriga akalandira mfuti, kodi ku Africa kwanu simuyesa? Ndinamuyankha kuti kwathu munthu akasintha chinthu pa mfuti ya mnzake amanena, ngakhale atakhala mdani wake. Anati ndibwere mawa, inshallah.

M'mawa mwake ndinabwera. Ulendo wochokera ku famu si wapafupi, ndipo mafuta a pikapu tinasonkha ine ndi Zulu. Manijala analipo, bambo wonenepa, waulemu kwambiri. Anatikhazika pa sofa, anaitanitsa tiyi wa mkaka. Anati wamva za mbuzi yanga ndipo ndi zachisoni. Mbuzi. Ndinamuuza kuti ndi maha, ndipo dokotala wati masiku ndi ochepa. Anati akumvetsa kwambiri. Koma inshuwalansi yawo imalipira munthu akavulala m'sitolo kapena galasi likasweka, za nyama sizilimo. Komanso mfuti si yanga, ndiye wodandaula ayenera kukhala mwini wake. Ndinati mwini wake sakupezeka, mzinda wonse ukudziwa. Anati ndiye vuto limenelo. Analonjeza kulankhula ndi mwini sitolo, ndibwere likadutsa Lachisanu. Tiyi uja sindinamwe.

Ndikuuzeni za masiku amene iwo ankati mawa. Nambewe anagona pa udzu m'khola, ine ndikumutembenuza kuti asachite zilonda, kutsuka bala ndi madzi a mchere, kuthamangitsa ntchentche. Ndinamangira chinsalu chonyowa pa waya kuti mphepo izilowa yozizira. Madzi ankamwa m'manja mwanga. Tsiku loyamba anadya pang'ono. Lachiwiri anangonunkhiza. Koma nthawi zonse ndikagwada pambali pake, ankakweza mutu n'kulowetsa mphuno m'thumba la shati, ngakhale kutafuna kunali kutamukanika. Chimene chikundidya mpaka lero n'chakuti sanandiope. Nyama imene waiwombera imayenera kukuthawa. Iye ankandiyang'ana ngati ndine amene ndabwera kudzamupulumutsa, ndipo ine ndinkamuuza kuti apirire, anthu aja akuti mawa.

Mayi Amal anaimbira chipatala kupempha kuti atilandire kaye. Achipatala anakana mwaulemu. Ndinaimbira ena mwa inu, ndipo ndikuthokoza achimwene a ku Mankhool ndi alongo athu anamwino amene munati mutha kusonkha. Koma nonse muli ndi mabanja, ena ntchito zatha, ndipo zimene chipatala chinkafuna sizinali za msonkhesonkhe wa anthu ngati ife. Ndinalibe kwina kolowera koma ku Muraqqabat komweko.

Litadutsa Lachisanu tinapitanso. Chitseko chachitsulo chinali chotsitsidwa theka. Akuti akuwerengera katundu, sakulandira anthu. Tinakhala panja padzuwa, pa simenti yotentha, mpaka wogulitsa tiyi uja anatimvera chisoni n'kutipatsa mipando. Patapita nthawi ndinawerama n'kulowa ndekha. Manijala kulibe, akuti wapita ku Sharjah. Mwini sitolo sanayankhebe. Watayi anali pa kauntala akupukuta magalasi a mfuti.

Abale anga, ndinagwada. Ine bambo wa ana anayi, amene ndinaimapo maso ndi maso ndi njovu yolusa osabwerera m'mbuyo, ndinagwada pa matailosi pamaso pa munthu wa msinkhu wa mng'ono wanga. Ndinachita monga timachitira kwathu popempha chinthu chachikulu. Ndinati iwalani za mlandu, sindidzauza munthu, tangoimbani foni imodzi. Anayang'ana kuchitseko.

"Yalla, dzuka, my friend. Uopseza makasitomala."

Makasitomala ake ati? M'sitolo monse munali ine, iye, ndi mutu wa nswala wopachika pakhoma. Zulu analowa n'kundigwira paphewa. Anati, "Tiyeni, ba Mwale. Aba anthu sazatithandiza." Tinakwera galimoto n'kubwerera ku famu.

Nditatsegula khola, fungo linandiuza zonse. Wa gemu aliyense amalidziwa fungo limenelo. Mwendo unali utatupa mpaka pamimba, mphuno youma, maso olowa. Mayi Amal anabwera madzulo dzuwa lisanalowe. Anagwira mwendowo, ananunkhiza. Kenako anati ngakhale chipatala chitatsegula zitseko zonse lero, palibe chimene chingachitike. Anati tikanapita tsiku loyamba kapena lachiwiri, mwayi unalipo ndithu. Sananene kuti andisangalatse, ndipo sizinandisangalatse.

Ndinakhala pansi, ndinaika mutu wake pa ntchafu yanga. Nyanga zija zimene zimaboola chitseko cha galimoto zinagona pa phewa langa osandikanda n'komwe. Ndinamuimbira likhweru limene ndinkamuitanira ku botolo ali mwana. Khutu linagwedezeka. Mayi Amal anabaya jekeseni pakhosi. Sizinatenge nthawi. Ndinalira, sindibisa, ndinalira mokweza ngati ndili pa maliro a kumudzi, ndipo Zulu anavula chipewa n'kuima pakhomo. M'mawa mwake tinamukweza pa pikapu, awiriwiri, n'kupita naye kutali mkati mwa mchenga. Ana anga sindinawauzebe. Akafunsa ndimati foni ikuduka.

Mukuganiza kuti zathera pamenepo? Dzana foni yanga inalira. Manijala. Mawu ake okoma ngati uchi. Akuti pali nkhani yabwino, mwini sitolo waganizira dandaulo langa, ndibwere. Ndinamuuza kuti Nambewe anafa. Anati pepani kumva zimenezo, komabe ndibwere. Ndinapita, chitsiru ine, poganiza kuti mwina munthu wina ayima pamaso panga n'kunena kuti tinalakwa. Ndinkafuna kumva zimenezo zokha.

Pa kauntala panali kathumba ka pulasitiki. Mkati munali tiriga yanga yakale, ndi kasipuling'i kaja. Akuti wosesa anakapeza atasuntha shelefu. Shelefu imodzi, abale anga. Kusuntha shelefu imodzi tsiku lija kukanatha nkhani yonse. Watayi anati akhoza kundibwezeretsera pomwepo, mwaulerenso, ngakhale iye payekha akuonabe kuti yakuda ija ndi yapamwamba. Ndinatenga kathumbako n'kuika m'thumba. Mfuti imeneyo sadzaigwiranso.

Kenako manijala anatsitsa mawu n'kufika pa nkhani yabwino ija. Anafunsa ngati mutu ndinausunga. Sindinamve bwino, ndiye anabwereza. Akuti ali ndi munthu wodziwa kuumitsa mitu ya nyama, ndipo monga chipepeso andichitira pa theka la mtengo, ndizikhala ndi chikumbutso pakhoma. Ngati sindikufuna, sitolo igula nyangazo. Akuti maha yaikazi yoleredwa pamanja imakhala ndi nyanga zazitali zopanda chilema, zosowa kwambiri, ndipo pamwamba pa kauntala pali malo. Anandilozera malowo ndi chala. Anawonjezera kuti alankhula kale ndi a Thomasi, ndipo agwirizana.

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Ndikungokumbuka Zulu akundikoka dzanja pa msewu, matakisi akuimba mahutala.

Tsono ndikufunsa poyera, ndipo wina wa inu amene amadziwana ndi anthu amenewa awafikitsire. Munachotsa katswiri, bwanji chikwangwani chake chikadali pa windo? Ndani analola wogulitsa zipewa kumasula mfuti? Ndi mfuti zingati zatuluka pakhomo panu ndi mphatso zimene eni ake sakuzidziwa? Ya ine inapeza maha. Ya wina idzapeza mwana wake, kapena mnzake amene wayenda naye kutchire. Mudzamufunsanso ngati mutu anausunga?

Kwa inu abale amene mumagwira mfuti za mabwana anu, m'mafamu ndi m'makalabu owombera, ndikukutsinani khutu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfuti ikachoka m'manja mwa munthu wina, ngakhale anangoipukuta fumbi, itengeni ngati simunaionepo. Funsani amene waimasula, mumuone nkhope. Yesani tiriga muli pamalo otetezeka, nyama iliyonse ili kutali. Zimene anatiphunzitsa kwathu zinali za anthu amene amanena zoona. Tiriga yofewa si yoipa, koma ndi ya chala chimene chauzidwa.

Dzulo a Thomasi anandiitana mu ofesi. Sanandiyang'ane m'maso. Anati nyama inali ya bwana, si yanga, ndipo nyangazo zikagulitsidwa tonse atatu tigawana, popeza miyezi yapita osalandira kanthu. Sindikuwada, ana awo ali pa sukulu ku Kerala ndipo nawonso akulira. Anafunsa kumene tinamuika. Zulu anati iye ndi dalaivala chabe, mchenga wonse amauona wofanana. Ine ndinati sindinena. Anandikumbutsa kuti viza yanga ili m'manja mwa famu, ndipo munthu wobisa katundu wa bwana akhoza kukwera ndege sabata yomweyi. Ndinawauza kuti chikwama changa n'chaching'ono, sichichedwa kulongedza.

Lero m'mawa ndawaona akuzungulira kuseri kwa mpanda ndi fosholo, iwo ndi munthu wa ku sitolo. Azungulire. Mphepo yakhala ikuwomba sabata yonse, matayala a pikapu anafufutika kalekale. Ndinakumba ndi manja angawa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo ndinakumba mozama ngati manda a munthu. Nyanga za mwana wanga sizidzapachikidwa pamwamba pa kauntala imeneyo.